Kutsanzikana ndi Amayi Pakatikati

Kwa bambo, ana ndi abale onse a malemu, komanso onse amene ankawadziwa,

Ife a bungwe lofufuza za umoyo wa ana tadzidzimuka ndipo tasweka mtima ndi imfa ya mkulu wathu wa ziwerengero, amene tonse mu ofesi muno tinkawatchula kuti Amayi Pakatikati.

Dzinali linabwera chifukwa cha mayankhidwe awo. Ukawafunsa kuti mankhwala akuchiza ana angati pa ana zana alionse, sankatchula nambala imodzi. Ankati choona chili pakati pa apa ndi apo, n'kufotokozanso kuti akutsimikiza motani. Ngakhale ukawafunsa kuti msonkhano utha nthawi yanji, yankho linkabwera momwemo.

Ntchito yawo yaikulu inali yokhudza ana amene asiya kubwera ku sikelo kafukufuku ali mkati. Ena ankafuna kungowachotsa m'chiwerengero kuti zotsatira zioneke zokoma, koma malemu anakana kwamtuwagalu, ponena kuti mwana akasiya kubwera sindiye kuti wachira: mwina mayi ake asowa choyendera, mwinanso wadwalika. Njira imene anakonza yoganizira anawo inatalikitsa malire a “pakati pa apa ndi apo” a zotsatira zathu ndipo otithandiza ndi ndalama ananyinyirika, koma ndiyo inachititsa kuti lero anamwino athu aziyendera ana m'makomo.

Tsopano, ndi chilolezo cha bambo anu, tilankhule ndi inu mwana wawo wachisamba. Tamva kuti mukudziimba mlandu chifukwa munabwerera kusukulu kukalemba mayeso, mayi n'kutisiya inu kulibe. Mayi anu atadwala, madokotala anati masiku awo otsala ali pakati pa miyezi iwiri ndi chaka, ndipo inu munagwira za chaka, monga mwana aliyense akanachitira. Koma mayi anu, amene anagwira ntchitoyi moyo wawo wonse, ankadziwa bwino lomwe kuti malire ali ndi mbali ziwiri. Mnzawo wokhala nawo pa desiki atawafunsa chifukwa chimene anakulolerani kupita, anayankha kuti, “Mnzanga, miyezi iwiriyo ndaimva bwinobwino. Koma mwanayo akalembe basi, ndamutuma ndine.”

M'malo mwa mamembala ndi antchito onse a bungwe lino, tikupepesa banja lonse kuchokera pansi pa mtima, ndipo tikupempha Mulungu kuti akupatseni mphamvu pa nthawi yowawayi. Inu mwana wathu, simunawathawe mayi anu; munali kumene anakutumani.

Wapampando wa Bungwe