Chitofu Chakana Kulowa

Bana Kangwa, mkazi wanga,

Mukafika kuchokera ku Ndola musakuwe. Chitofu chanu chili pakhonde, ndachifunditsa bulangete langa, sichinakandike pena paliponse.

Felemu yakale ya chitseko cha kukhitchini ija, imene ndinagula motchipa kumsika, ndinaimangirira Lachiwiri ndipo simenti yagwira ngati mwala. Kungoti poyeza ndinayezera mapewa anga, osati chitofu. Ine ndikulowa bwinobwino, icho chikukana, kwatsala zala ziwiri zokha. A Chishimba oyandikana nafewa aseka mpaka kukhala pansi, ati, "Bashi Kangwa, muziphikira panja ngati pamaliro!" Asiyeni, iwo mpaka lero amapemerera mbaula.

Sindinaiwale kuti amayi anu akubwera Loweruka kudzaona chitofu chimene anakupatsani pa phwando lanu la ziwiya. Adzachipeza m'kati, ndikulumbira. Ndathamangira kukomboni ya Chimwemwe kukabwereka tchizulo ndi hamala. Ndizula zenera, chilowera pamenepo. Ulendo uno ndayeza ndi chingwe, kawiri.

Pepani, mayi. Koma amayi anu akaimba foni musanene zambiri, ingowauzani kuti chitofu chili bwino, chikupitidwa mphepo.

Ndine mmisiri wanu,
Bashi Kangwa