Mapazi a Madala Anga

Lolemba, 3 Malichi

Kuchipatala ndi madala anga. Mapazi aja osasintha: moto, kulasalasa, dzanzi. Shuga ameneyu! Bulangete likangowakhudza, kukuwa. Chiyambire chaka akugona pampando pabalaza, miyendo patebulo. Ine pabedi ndekha, wamasiye mwamuna ali moyo.

Adokotala ati pali kafukufuku wa mankhwala atsopano a ululu wa mitsempha. Ena alandira enieni, ena mapiritsi opanda kanthu, ndipo ngakhale anesi sadziwa kuti uyu wapatsidwa ati. Madala: "Ndiye njugatu imeneyo." Koma asaina.

Lachinayi, 6 Malichi

Kuyeza. Atseke maso, anesi awagunde kuphazi ndi kaulusi kolimba, akamva anene. Telala wa zaka zonsezi, lero ulusi ukumuzemba. Pachala chachikulu, zii. Ndinayang'ana kuwindo kuti asandione nkhope.

Ya basi atibwezera. Bola.

Loweruka, 22 Malichi

Piritsi m'mawa, piritsi madzulo. Ayambe alinunkhiza, alinyambite, ati atulukira ngati ndi ufa chabe. Wapolisi wanga ameneyo.

Makina osokera ali duu pakona, phazi likukana kupalasa. Mayunifolomu a ana asukulu ndabweza kwa eni ake osasoka. Manyazi. Fumbi pamakina ndimapukuta iwo asanadzuke.

Lachinayi, 3 Epulo

Ndakwiya lero. Anesi afunsa kuti ululu uli pati, kuyambira ziro mpaka teni. Madala, akumwetulira: "Thuu, mwana wanga." Thuu! Munthu wobuula mpaka tambala kulira!

Pachipata ndawafunsa. Ati, "Mtsikana uja akuvutika nafe, ndimugwetse mphwayi?" Ndawagwira dzanja, bwererani. Anesi sanakalipe. Angoti, "Bambo, mukatinamiza chifukwa cha ulemu, mankhwala osathandiza adzafika kwa anzanu odwala."

Madala, maso pansi: "Eyiti."

Munthu wopusa mokoma chonchi ndinamutola kuti? Ndimawakonda, basi.

Lamulungu, 27 Epulo

Sabata ino ati sikisi. Ndawayang'anitsitsa. "Mayi, ndalapa, ndi sikisi weniweni."

Ayesa kubwerera pabedi. Sipanapite nthawi, ndamva akunyamula pilo mwakachetechete, kuopa kundidzutsa. Ndinali maso. Ndawasiya apite.

Lachisanu, 2 Meyi

Mwana wathu wamkazi waimba foni, ati tigule kabedi kena ka pabalaza, atate ake asamapindike pampando. Nzeru zabwino. Ndakana. Kakalowa m'nyumba muno ndiye kuti tavomereza zogona padera.

Madala apinda mpendero wa siketi yanga. Mzere wokhota ngati njira ya woledzera. Ndaivala pompo.

Lachiwiri, 13 Meyi

Ndikulemba chogona, kope pamimba. Dzuwa lalowa kale pawindo, madzi osateleka, pakhomo posasesa. Anzanga a pamsika andidikira mpaka atopa.

Ndadzuka ndi chinthu chozizira chitandilemera pamwendo. Phazi. La kumanzere, loipitsitsa lija, chidendene chokhakhala, lili m'bulangete. Mwini wake mkonono uli pakamwa.

Kaya ndi mankhwala enieni, kaya ndi ufa uja, kaya mawa abwerera kumpando. Anesi tikawauza zoona zokhazokha Lachinayi.

Tsopano mwendo wanga ndiwo wachita dzanzi. Uchite. Sindisuntha.