Bere la Zilonda

Amayi,

Kodi munafika bwino kumeneko? Mukudzuka bwanji? Ine kuno ndilipo, mdzukulu wanu aliponso, ngakhale panatsala pang'ono kuti ndikulembereni zina.

Uthenga wanu unandipeza ndili m'chikuta, tsiku lachinayi chibadwire mwana. Unali m'mawa, ana akuimba matebulo a masamu m'kalasi mwa amuna anga, a Yosefe. Ndinamva belu la njinga, kenako mawu a achimwene a Sitefano. Poti mwamuna salowa m'chikuta, anaima kuseri kwa chitseko n'kunena kuti, "Mlongo, kwathu kwagwa zovuta. Amayi atisiya dzulo madzulo." Anali atapalasa kuchokera ku Sinda osalawa kanthu. Mwana anali pabere, ndipo ndikuuzeni zoona, misozi inali ikutsika kale achimwene asanalankhule, chifukwa cha ululu wa kubereko. Yolirira inuyo inapeza njira italambulidwa kale.

Kumaliro ndinabwera, mchombo wa mwana usanagwe. Amayi oyandikana nafe anandiletsa, koma a Yosefe atandiyang'ana kumaso anapita pamsewu waukulu n'kuimitsa lole yonyamula mtedza. Sindikupepesa. Mukanakhalapo mukanandikalipira mpaka mawu kusasa, kenako mukanandiphikira phala.

Ndikuuzeni za mawerewa, poti palibe wina amene ndingamuuze osandipatsa mlandu. Nkhumbu zonse ziwiri zinang'ambika. Poyamba zinangofiira, kenako zinachita ming'alu ngati chidendene cha m'chilimwe, ndipo mwana akasiya kuyamwa pamilomo pake pamatsala magazi anga. Akati ayambe kuyamwa ndinkapinda zala zakumapazi n'kuluma nsonga ya chitenje. Ndinayamba kuopa mwana wanga yemwe, Amayi. Akangotakataka m'tulo, mtima wanga unkati myuu, ngati ndamva mapazi a amesenjala a msonkho.

Tsono tamverani nzeru zimene ndinalandira.

Oyamba anali mng'ono wanu, amayi aang'ono a Esinati. Pa miyezi itatu imene munkatsokomola anabwera kamodzi kokha, kudzabwereka sefa. Koma pamaliro akanakuonetsani! Anagubuduka pansi kuyambira pakhomo mpaka pankhokwe, ndipo atafika pankhokwepo anakhalitsa. Ndinakumbukira mawu anu aja akuti wolira mokweza umuyang'ane kumene kwaloza maso ake. Tsiku lometa anandiona ndikuyamwitsa kuseri kwa nyumba nkhope itakwinyika. Anatsegula chitenje changa osapempha, n'kuitana amayi ena kuti adzaone ngati akuonetsa mbuzi ya chipere.

"Ndinanena ine," anatero. "Munthu kutuluka m'chikuta kupita kumanda? Bere ili lapondedwa ndi maliro. Mkaka wake ndi wakumanda, mwanayu akumwa imfa. Sukulu imeneyi, iwe Rozaliya, inakuchotsa mutu."

Anagamula pomwepo. Mwezi ukaoneka adzabwera ku Katete kudzatenga mwana kuti akayamwe kwa mwana wawo Malita, amene ali ndi khanda la miyezi isanu. Ndinafunsa kuti adzabwerera liti. Anati akadzayamba kuyenda. Inu mukudziwa kuti mwana woleredwa pamsana pa wina, akamadzayenda amathamangira kwa yemweyo. Ndinayang'ana achimwene a Sitefano, amalume ake a mwana, amene mawu awo akanathetsa nkhani. Iwo anayang'ana tayala la njinga yawo n'kunena kuti, "Zimenezo ndi za azimayi." Munthu wotha kukangana tsiku lathunthu pabwalo za Chitaganya ndi azungu a ku Salisbury, koma pamaso pa mayi mmodzi wamfupi analibe lilime. A Yosefe ndiye mukudziwa, mkamwini pamudzi pa eni ake amangotsokomola.

Achiwiri anali dona uja, mkazi wa bwana woona za ulimi, amene amaphunzitsa akazi a aphunzitsi kusoka Lachitatu lililonse. Titabwerera ku Katete anamva za vuto langa n'kubwera yekha pagalimoto, atanyamula kabuku, sopo ndi kabotolo ka sipiliti. Sanayang'ane bere, sanayang'anenso mwana. Anaima pakhomo n'kundiuza m'Chinyanja chake chakukhitchini kuti zilonda zimabwera ndi uve. Ndizitsuka nkhumbu ndi sopo mwana asanayamwe ndiponso akatha, ndizipaka sipiliti kuti zilimbe, ndipo ndiziyamwitsa pakapita maola anayi, osati nthawi iliyonse imene mwana walira, chifukwa ana athu akuti timawapusitsa. Ana ake atatu analeredwa ndi botolo m'manja mwa mayi wina wa kumudzi, amene mpaka lero amawachapira. Koma kabuku anali nako.

Pano ndiye musandiseke kwambiri. Ndinamvera. Za amayi aang'ono ndinazikana mumtima chifukwa zinatuluka m'kamwa mopanda mano akutsogolo, koma za dona ndinazilandira chifukwa zinali zosindikizidwa. Ine wa Sitandade Sikisi, amene ndinamaliza mabuku onse a m'kabati ya kusukulu mpaka ena kuwabwereza, ndinakhala pampando wotchi ya a Yosefe ili patebulo, mwana akulira mpaka kusanduka wofiirira, ine ndikudikira muvi. Sipiliti pachilonda, Amayi! Ndinkaona nyenyezi masana. Sopo anaumitsa khungu, ming'alu inakula. Mawere anatupa n'kulimba ngati maungu, mwana akafika ndi njala yake yonse ankangoluma pansonga ngati nkhanu. Patatha sabata ndi theka liwombo lake linalowa, kulira kwake kunachepa mphamvu, ndipo nsalu zake ndinkazipeza zouma kuyambira m'mawa mpaka masana. Mwezi unali utatsala masiku asanu kuti uoneke. Ndinayamba kuganiza kuti mwina amayi aang'ono akunena zoona, kuti ndinapha mkaka wanga pokutsatani kumanda.

Ndisanaiwale, chimanga chanu chinakololedwa. Achimwene ndi alamu anga a Natembo anadzaza nkhokwe mpaka pakamwa, ndipo mtedza wa kumunda wa kudambo unabereka kuposa chaka chatha. Nkhuku yanu yamawangamawanga inaswa anapiye asanu ndi awiri, kabawi watenga awiri. Denga la khitchini likadali lobooka pomwe paja. A Natembo ndi oyembekezera, mwina adzachira chakumayambiriro kwa dzinja. Azilongo anu a ku Vubwi anafika maliro atapita kale, chifukwa uthenga unawapeza ali tsidya la kwa Apwitikizi.

Tsono amene anandithandiza simungawaganizire. Mukuwakumbuka atelala aja Achiyao a ku Nyasalande, amene amasoka pakhonde la sitolo pafupi ndi msika? Ndinapita kumeneko kuti andimasulire diresi pachifuwa, poti nsalu ikangokhudza ndinkalumpha. Mwana anayamba kulira kumsana. Akazi awo, Abiti Saidi, mayi wa ana asanu ndi awiri, anali pambali akusankha mpunga.

"Mayi, mwanayo akulira. Mukudikira chiyani?"

"Nthawi sinakwane," ndinatero.

"Nthawi ya ndani?"

Anapukuta manja, n'kundikokera kuseri kwa sitolo, kundikhazika pamphasa. "Tayamwitsani ndione." Ndinamugoneka mwana chagada pamiyendo, monga analili mayi wachizungu wa pachithunzi cha m'kabuku muja, ine n'kuwerama kumulozetsa nsonga ya bere, iye atapotoza khosi.

Abiti anaomba m'manja kamodzi. "Ha! Mwamugwira ngati mukuwerenga kalata. Inuyo mungamwe madzi khosi litapotoka chonchi? Ndani anakuonetsani?"

"Palibe. Amayi anamwalira mwanayu ali ndi masiku atatu."

Sananene kuti pepani, ndipo ndinawathokoza mumtima, poti mawu amenewo ndinali nditakhuta nawo. Anangomutembenuza mwana, mimba yake kugunda mimba yanga, mphuno kuyang'anana ndi nkhumbu. "Musamupatse msanga. Dikirani ayasamule. Ayi, pang'ono pomwe. Tsopano!" Anamukankhira pabere ndi dzanja limodzi, kachibwano kake kukanikiza, mbali yakuda yonse kulowa m'kamwa. Ndinali nditapinda kale zala kudikira ululu uja wonga mpeni. Kuwawa kunalipo, koma mpeni sunabwere. Kenako ndinamva chinthu chimene ndinali ndisanachimvepo chibadwire mwanayu, ndinamumva akumeza. Ankameza ngati mlimi wochokera kumunda.

Anandionetsanso kulowetsa kachala pakona ya kamwa pomuchotsa, osamukoka ngati mukuzula chinangwa. Anati akatha ndizifinya kadontho ka mkaka n'kupaka pachilondapo, n'kusiya bere pamphepo. Nditawauza za sopo ndi sipiliti anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mpango. "Sopoyo chapirani matewera. Sipilitiyo bwerani nayo, bambo a ana ayatsire chitofu cha pulaimasi."

Ndili pamphasa pomwepo ndinakukwiyirani, Amayi. Mundikhululukire, koma ndinakwiya. Zonsezi munkazidziwa. Ndi akazi angati a m'mudzi mwathu amene munawakhalira pambali ali m'chikuta, ine ndili kusukulu ya atsikana ndikuloweza mitsinje ya ku Ulaya? Nditakufunsani ndili ndi pakati munati, "Zimenezo sitiphunzitsa ndi pakamwa, tidzaonetsana mwana ali m'manja." Munkati mubwera chifuwa chikangotsika. Ndinakonza mphasa yanu, ndinagula shuga. Chinthu chaching'ono chotere, chosatenga nthawi yophika tiyi, chikanandilanda mwana.

Mwezi unaoneka, ndipo amayi aang'ono sanachedwe. Anatsika basi ya m'mawa ndi Malita, khanda lake kumsana, atatenga ndi mbereko yachiwiri. Anali atavala chitenje chanu chobiriwira chija cha Pasaka. Ndinawayalira mphasa, ndinawapatsa madzi, ndinawafunsa za kumudzi monga munandilelera. Malita sankandiyang'ana. Atapita kukasamba m'manja anandinong'oneza kuti, "Achemwali, ine wangayu akundikwanira. Koma mukuwadziwa amayi."

"Wamukonzera katundu wake?" anafunsa amayi aang'ono.

Ndinakhala pamaso pawo n'kumuika mwana pabere. Panali patapita masiku asanu okha, nkhanambo zinali zisanachoke, koma anayamwa mpaka kulisiya yekha, mkaka ukutsika pakona ya kamwa. Ndinamupereka m'manja mwawo.

"Tamunyamulani, amayi, muone ngati akumwa imfa."

Anamutembenuza, anakhudza liwombo, anatsina tsaya, kufunafuna pogwira mlandu. Mdzukulu wanu anawayankha yekha. Anawakodzera pamiyendo, mkodzo wambiri wosonyeza kuti mwana wakhuta, chitenje chanu chonse kunyowa. Malita anabisa nkhope m'mbereko, mapewa akugwedezeka.

"Lero wayamwa," anatero amayi aang'ono. "Nanga mawa? Chikamuonekera usadzabwere kwa ine."

"Sindidzabwera," ndinatero. "Mwanayu sapita kulikonse. Mawu amenewa mukawauzenso achimwene, poti anati ndi za azimayi."

Sindinayambe ndayankha wamkulu chotero. Anakana kudya. Anakwera basi ya masana, ndipo ndamva kuti akuuza mudzi wonse kuti ndinawalodza ndi mankhwala a Achawa. Dona nayenso anadutsa Lachitatu, anaona mwana atayamba kudzaza masaya, n'kunena kuti, "Waona? Sopo." Ndinamuthokoza mwaulemu. Anthu awiriwa sanaonanepo, koma akanagwirizana kwambiri. Onse anali ndi yankho asanaone funso.

Mwana tinamutcha Agnesi, dzina lanu. Amayi aang'ono ankafuna Misozi, ndinakana. Ali ndi makutu anu ndi ukali wanu pa nthawi ya chakudya.

Ndikulonjezani chinthu chimodzi. A Natembo akadzachira ndidzakhala nawo m'chikuta kuyambira tsiku loyamba, kaya sukulu yatsekera kaya ayi, ndipo sindidzadikira kuti andifunse.

Pakali pano bere lakumanja lapola. Lakumanzere likadali ndi mng'alu umodzi umene umandiluma mwana akamayamba, kenako n'kuleka. Kumudzi sandiyankhula, kupatula Malita. Agnesi akuyamwa, akugona, ndipo ali pamsana panga pamene ndikulemba. Inu kulibe.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Rozaliya