Kuchedwa ndi Masiku Atatu

Lolemba, 4 Novembala

Loya wa bungwe lothandiza ofedwa anabwera kwa Atelala, anzanga a kuseri kwa mpanda. Anandiitana ngati mboni, poti ndine ndinamaliza kumuona mwana wawo wa takisi uja asilikali asanamuphe. Anthu asanu, mipando inayi. Loya anakhala pa kampando ka makina osokera.

Loyayo, mtsikana ndithu, anafotokoza bwino. Dziko lathu linatuluka m'pangano la khoti la mayiko, koma kutulukako kunayamba kugwira ntchito patatha chaka, pa 10 Juni. Milandu yochitika tsikulo lisanafike, khotilo likhoza kuizengabe. Yapambuyo pake, ayi.

Atelala anati mwana anatengedwa kumayambiriro kwa Juni, mwina pa 3. Loya anayamba kulemba. Ine pakamwa: "Ayi, linali 13." Palibe anandifunsa. Zaka makumi atatu ndikuchonga masamu a ana a eni, lilime linasanduka cholembera chofiira.

Loya anafunsa ngati ndikutsimikiza. Ndikanakayika bwanji? Ndi tsiku lomwe anabadwa mdzukulu wanga. Mnyamatayo ndiye anatithamangitsira kuchipatala, ndipo asilikali anamutsitsa m'galimoto pageti ine ndikuona, chikwama cha matewera chili m'manja.

Loya anatseka kope pang'onopang'ono. Atelala sanandiyang'ane.

Lachiwiri, 5 Novembala

Makina a Atelala sanalire tsiku lonse.

Lachitatu, 6 Novembala

Mwana wanga wamva. Anafika osakhala n'komwe pansi. "Amayi, mumayesa ndi mayeso? Mumafuna akupatseni malikisi?" Akuti boma linanama, asilikali ananama, ine ndekha ndiye woumira ndi masiku khumi.

Ndinayankha kuti maloya a asilikali akanafufuza kuchipatala, n'kuwachititsa manyazi Atelala pamaso pa dziko lonse. N'zoona. Koma Lolemba sindinaganize zimenezo. Ndinangomva nambala yolakwika.

Lachinayi, 7 Novembala

Achimwene awo a Atelala anabwera masana, chipewa m'manja, ulemu wochita kusefukira. Akuti pa msinkhu wanga kuiwala n'kololedwa. Ndingomuimbira loya kuti ndinasokoneza. Ndinati ndiganize.

Atapita ndinayesa kunena mokweza kukhitchini: linali pa 3. Kanayi. Mawu amatuluka bwinobwino, ndipo zimenezo ndiye zinandiopsa.

Lachisanu, 8 Novembala

Ndamuimbira loya, koma osati kukasintha tsiku. Ndinafunsa ngati palibe khomo lina. Akuti dzina la mnyamatayo likhoza kutchulidwa posonyeza kuti nkhanzazo zinapitirira, koma mlandu wakewake sungalowe. Atsala makhoti akuno, omwe auimitsa kale kasanu ndi kawiri.

Masiku atatu. Mdzukulu wanga anabadwa mochedwa ndi sabata yathunthu. Akanabwera pa nthawi yake... Ndasiya, masamu amenewa ndi oipa.

Ndinatumiza uthenga kwa achimwene aja kuti sinditha.

Loweruka, 9 Novembala

Ndikuyanika zovala, Atelala analowa pageti osaodira, osapereka moni. Anaima pafupi ndi chingwe. Ndinali nditakonza mawu opepesa, koma sanandipatse mpata.

"Aphunzitsi, poti mutu wanu sutaya kanthu, ndiuzeni. Anavala malaya ati?"

Ndinati abuluu aja, a manja aafupi. Mabatani asanu, lachiwiri la mtundu wina.

"Anandithera," anatero. "Ndinati ndidzasintha."

Anafunsa zomwe ankanena m'galimoto. Ndinawauza kuti ankaseka mwana wanga akubuula kumbuyo, ati apirire, akaberekera m'takisi mtengo ukhala wa anthu atatu. Atelala anaseka kamodzi, kuseka kouma, n'kugwira chingwe.

Zaka zonsezi sanandifunsepo. Inenso sindinayambepo.

Anachotsa zovala zonyowa pa mpando, n'kukhala.

"Yambirani pamene anagogoda pakhomo panu," anatero. "Musadumphe kanthu."