Bowo la Pamwamba pa Wadiropu

Lolemba, 3 Juni

Bambo a m'nyumba ayambanso nyimbo yawo ya timabowo tolowera mpweya. Akuti titseke tonse ndi simenti. Fumbi, mphemvu, chimfine chawo chosatha chija. Takunjato atseke, ndilibe nato ntchito. Koma la kuchipinda, pamwamba pa wadiropu, toto. Ndawauza kuti nyumba yosapuma imachita nkhungu.

Zoona zake ndilembe muno mokha. Nyumba ino kale inali imodzi, anachita kuigawa pakati. Bowo limenelo limatulukira kuchipinda kwa aneba. Nkhani zonse za kwawo zimandipeza ndili khale, ndikupinda zovala. Alitseke, ine ndizimvera chiyani?

Lachitatu, 5 Juni

Kwa aneba kwavuta. M'chikwama cha amuna awo mwapezeka nsapato zachikazi, saizi 5. Mayiwo amavala 8.

Ndinakwera pampando kuti ndimve bwino. Nkhani itafika pokoma, bambo tulukiru. Ndati ndikuchotsa kangaude. Akuti, "Kangaude amachotsa ndi khutu?" Ndawayang'ana ndi diso loipa. Mwini nsapato sindinamumve.

Lachisanu, 7 Juni

Mmisiri wabwera. Timabowo tinayi takunja tatsekedwa. Atalowera kuchipinda ndamuthamangira ndi tiyi. Kapu yoyamba, yachiwiri, yachitatu, mpaka simenti yaumira m'chidebe. Wapita akutukwana chamumtima, mimba ili ndendende.

Bambo akuti Lolemba palibe tiyi, bowo litsekedwa basi. Ndakwiya zenizeni. Munthu kufa osadziwa mwini nsapato?

Lamlungu, 9 Juni



Poyanika zovala ndakumana ndi mayi aneba. Moni wabwinobwino, kumwetulira. Kenako akuti, "Wigi ija ndasintha, poti munati ikuoneka ngati chisa cha khwangwala."

Mawu amenewo ndinanenera kuchipinda, Lachinayi, chitseko chili chitsekere. Kabudula wa bambo anangotsala m'manja akudontha.

Kani bowo limamva mbali zonse. Zaka zisanu ndi zinayi, mutu wangawu osaganizako! Za mpoto wanga umene sanabweze. Za kuseka kwawo. Za mimba ya amuna awo. Nyimbo zanga za posita. Mkonono wa bambo, umene ndimakana pagulu. Manyazi andigwira mpaka m'mapazi. Ndipo ndi mayi yemweyu amene amandianulira zovala mvula ikandipeza kumsika. Akasiya kundiyankhula ndilowera kuti?

Lolemba, 10 Juni

Sindinadikire mmisiri. M'mawa bambo atangotuluka, ine pampando, masokosi awo akale m'manja, kufinyira m'bowo limodzilimodzi.

Ndili pa sokosi lachitatu, mawu kuchokera mkati, pafupi penipeni, ngati nawonso aima pampando: "Aneba, musatseke. Ife wailesi inafa kalekale."

Anali mayi aneba. Akuti za wigi ndinanena zoona, inalidi yoipa. Akuti nsapato zija ndi za apongozi awo, nkhani inatha Lachisanu ine ndili kalikiliki ndi tiyi. Koma nkhani ya alamu anga othawa ukwati ndinaisiyira panjira, iwo ndi amuna awo sakugwirizana kuti wolakwa ndani, ndimalize.

Ndazula masokosi onse atatu.

Mmisiri akugogoda. Ndatereka kale madzi a tiyi, ndipo mayi aneba akuti akubweretsa shuga.