Purosesa Yatsopano ya Alamu Anga

Lolemba, 14 Okutobala

Kompyuta yabwerako kwa alamu anga a Kingsley. Achotsa purosesa yakale, ubongo wa kompyutayo, aikamo i7 ndi fani yake yatsopano. Mawu awo: "Alamu, iyi ndi ndege, muziigwira ingauluke." Ndayatsa. Mkazi wanga Bernadeta wathira tiyi, ndamwa, kapu yatsukidwa, ndege ija ikadali kutsegula pulogalamu yokonzera mavidiyo.

Chonsecho ndili ndi ntchito pamoto. Ukwati wa Ruby ndi Eston ndinajambula sabata yatha. Bambo ake a Ruby, a Mhango, sanauone. Anagwa ndi sitiroko ukwati utayandikira, pano angogona kunyumba ku Machinjiri. Mwana wawo wamkazi ndi yekhayo. Ndinalonjeza Ruby kuti pofika Lachitatu bambo ake akhala ataonera vidiyo yake pa TV ali pabedi pomwepo. N'chifukwa chake ndinathamangira kusintha purosesa, ati ntchito ifulumire. Kuthamanga sikufika.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Tsiku la anakubala. Alamu apita ku Bangula kukapereka chitenje kwa apongozi. Foni ikungoitana.

Ndayang'ana liwiro la purosesa pa Task Manager: 0.8 GHz. Pabokosi lake analemba 3.6. Yakale ija, yomwe ndinkaitukwana tsiku ndi tsiku, inkadutsa 3 osadandaula. Mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Ndimati ndingoibwezeretsa, koma Bernadeta akuti achimwene ake anaipereka kale kwa munthu wina wa ku Bangwe.

Ndinaganiza kuti ndi vayirasi. Ndasaka m'mawa wonse, palibe. Ndasintha power plan kuti izigwira ndi mphamvu zonse. Chimodzimodzi. Pa sikirini Ruby akulowa m'tchalitchi modukizadukiza, phazi limodzi, kuima, lina, kuima, ngati mkwatibwi amene akumukakamiza. Tsiku lonse ndangokonza gawo la kutchalitchi, nalonso silinathe.

Lachitatu, 16 Okutobala

Ruby waimba.

"A Laurenti, adada afunsanso lero. Kulankhula kukuwavuta, amangoloza TV."

Ndati mawa.

"Ingotipatsani ngakhale zosakonza zomwezo, aoneko."

Ndakana. Zosakonza ndi za makamera awiri, mwadzaza zidendene za anthu, denga, mitu ya ojambula pafoni, phokoso la jenereta. Banja limene lija ndi la mabwana a m'boma okhaokha, ataona zoterozo dzina langa lathera pomwepo, ndani angadzandiitanenso? Ndamupempha apirire tsiku limodzi. Anangoti chabwino, mawu ali pansi.

Ndaikanso madiraiva onse, timapulogalamu toyendetsa zida za m'kompyuta. Ndalowa mu BIOS, m'chimake cha kompyuta, ndabwezera zonse mmene zinalili pochokera kufakitale. Kuyatsa, 0.8 yomwe ija ikundiyang'ana.

Bernadeta ataona ndagwira tsaya: "Bambo a Chisa, mwina inuyo ndi amene simunaizolowere. Achimwene anga akonza makompyuta ambiri, palibe anadandaulapo." Ndangoti zikomo. M'nyumba muno a Kingsley salakwa. Atathyola mpando, wolakwa ndi kalipentala.

Lachinayi, 17 Okutobala

Mu BIOS muja dzulo sindinayang'ane bwino. Lero ndaona kutentha kwa purosesa: 99. Kompyuta isanagwire ntchito iliyonse, ingoyaka basi. Ndiye kuti ikudzichepetsera liwiro yokha kuti isapse. Ili ndi nzeru kuposa amene anaiikamo.

Ndatsegula chitseko cha m'mbali. Fumbi mulibe, fani ikuzungulira mpaka kulira, koma mpweya umene ikutulutsa ndi wozizira. Nanga moto wonsewo ukutsalira kuti? Ndakatenga fani ya kuchipinda n'kuilozetsa m'katimo. Bernadeta: "Ndiye ife tipse ndi Okutobala ameneyu, kompyuta izipitidwa mphepo?" Liwiro lakwera pang'ono, 1.1. Ndisanasangalale n'komwe magetsi athima, Zingwangwa yonse zii mpaka madzulo.

Fani ya pa purosesa ndikuopa kuimasula. Alamu anati ndisaigwire, komanso ndilibe pesiti, phala lija amapaka pakati kuti kutentha kuzidutsa.

Ndalembera Ruby kuti mawa ndithu. Wayankha "Ok". Basi. Ndachita manyazi mpaka kudya kwandikanika.

Lachisanu, 18 Okutobala

Ndalawirira ku Limbe kwa Faisal, wogulitsa zida za makompyuta uja, kukatenga pesiti. Kubwera, ndamasula fani. Ndaitembenuza.

Pulasitiki. Kunsi kwa chitsulo chimene chimagunda purosesa, pulasitiki wa kufakitale akadali pomwepo, zilembo zofiira zikuluzikulu zonena kuti achotsedwe chisanaikidwe. Pesiti anapaka pamwamba pa pulasitikiyo, mwaudongo ndithu. Sabata yonse purosesa yakhala ikuphikidwa itavala jumbo.

Mwamwayi lero foni ayankha.

"Alamu, pulasitikiyu munaiwala?"

"Ayi, ndinasiya dala. Chinthu chatsopano sumachisenda, alamu. Mukadzafuna kugulitsa, munthu akaona pulasitiki amadziwa kuti n'chanyuwani."

Ndikanadziwa. Munthu ameneyu sofa yake ikadali m'pulasitiki chigulireni, ukakhalapo umadzuka thalauza litanyowa. Rimoti ya TV ili m'pulasitiki. Ndawauza za a Mhango, iwo: "Pepani, koma mukanandifunsa." Ndikanawafunsa pa foni iti? Ndadula ndisanalankhule zoti zikafike kwa ankhoswe.

Ndasenda, ndapukuta, ndapaka pesiti, ndamanga. Kutentha 41. Liwiro 3.6, nthawi zina kupitirira. Ruby akuyenda bwinobwino tsopano, diresi ikuuluka, perekaniperekani yense ndamudula ngati ndikudula tomato. Ndege ndi ndegedi. Zimenezo ndiye zandiwawa kwambiri.

Bernadeta ndamuonetsa kapulasitiki kaja. Akuti, "Komabe purosesa anakusankhirani yabwino."

Ndaimbira Ruby kuti mawa m'mawa ndikubwera nayo ndekha. Sanayankhe. Ndatumiza meseji.

Loweruka, 19 Okutobala

Vidiyo yatuluka bwino kuposa zonse zimene ndinapangapo. Ndinaika chithunzi cha a Mhango poyambirira, ali mu suti. Ndakopera pa fulashi, minibasi mpaka m'tauni, ina ya ku Machinjiri.

Nditatsika pa siteji n'kukhota kanjira kolowera kwawo, masamba pamsewu. Akabaza akutsika njinga n'kumakankha. Ndinadziuza kuti nyumba m'derali n'zambiri. Koma mabenchi anali pageti pa a Mhango, azibambo atakhala chete, m'nyumba azimayi akuimba za Chitumbuka.

Ndinakhala kumapeto kwa benchi, fulashi ili m'thumba la shati. Eston anandiona, anabwera n'kunjuta pafupi nane.

"Atisiya mbandakucha."

Ndinati pepani. Ndinayamba kufotokoza za purosesa, za pulasitiki, ndinaona kuti sakumva, ndinasiya. Ndinatulutsa fulashi. Anaiyang'ana, sanailandire.

"Sungani kaye. Ruby akuti mubwere ndi kamera mawa, mujambule mwambo tisananyamuke kupita ku Rumphi." Anaimirira, n'kupukuta fumbi pabondo. "Akuti ya maliroyo musafulumire nayo, palibe amene akuidikira."