Amuna Anga Anachira M'buku Mokha

Aphungu,

Amuna anga anachira. Izi sindikunena ine. Zinalembedwa ndi dokotala wa za maganizo wa pa yunivesite ina kuno ku Joni, m'magazini ya anthu ophunzira, pa pepala losalala, m'Chingerezi chopanda chilema. Akuti Bambo R., wogwira ntchito pamgodi wochokera ku Malawi, atalandira thandizo anasiyiratu zizindikiro zonse za nthenda yake ndipo akukhala moyo wabwinobwino. Bambo R. ameneyo ndi amuna anga a Redson. Pepalalo lili m'felemu pakhoma, ndipo chithunzi chathu cha ukwati chinatsikako pang'ono kuti lipeze malo.

Ndiyambe poyambira. Tinabwera kuno mu 1995. Timakhala ku Tlaseng, pafupi ndi Rustenburg, m'kachipinda ka kontilakita amene a Redson amamugwirira ntchito. Ine ndimachapa ndi kusita pa hotela ina ku Ledig. Iwo ntchito yawo pansi pa mgodi ndi kugogoda denga ndi chitsulo chachitali anzawo asanalowe, kumvetsera ngati mwala walekana. Akagogoda amagogodanso, akatero n'kugogodanso. Pansipo khalidwe limeneli amalikonda kwambiri. Anawapatsa mpaka mphoto, kapu ya tiyi yolembedwa za chitetezo.

Vuto n'lakuti akamatuluka, kugogodako amatuluka nako. Pulayimasi ndikazimitsa, iwo amaigwira, kuinunkhiza, kuikweza m'mwamba ngati khanda. Loko wa pachitseko akakiya amamukoka, kuyenda mpaka pa mpopi, n'kubwerera kudzamukokanso. Akafika pamsewu amandifunsa kuti, "Ndakiya eti?" Ndikavomera amapuma pang'ono, kenako n'kutembenuka. Si kuiwala ayi. Tsiku lina anandiuza okha kuti, "Amake Elsie, maso aona, dzanja lagwira, koma mtima sunasayine." Akuti m'mutu mumabwera chithunzi cha mzere wonse wa zipinda ukuyaka, ana a eni ali m'kati, wolakwa ali iwo. Amadziwa kuti n'zopanda nzeru, ndipo chimene chimawapweteka kwambiri n'chomwecho.

Sisitala wa pa kiliniki ndiye anawatumiza kwa dokotala uja, mayi wachizungu wamtali amene ankafufuza nthendayi pakati pa anthu a m'migodi. Pano anamutcha Anamafunso. Ndi munthu wabwino, ndisaname. Anatiuza kuti nthendayi ili ndi dzina, ndipo mabuku ambiri ankangokamba za azungu a kunja, ngati kuti munthu wakuda wonyamula chitsulo sangadwale maganizo obwerezabwereza. Ankabwera kunyumba Loweruka ndi kope lake, kuwaphunzitsa kupirira mantha osabwerera pachitseko.

Tsono Aphungu, mukudziwa mmene tinaleredwera kwathu. Munthu wabwera kudzakuzonda, wachokera kutali, wakhala pa mpando wabwino umodzi womwe uli nawowo, n'kukufunsa kuti ukupeza bwanji. Ungamuuze kuti thandizo lake silikugwira? Amalume anga ku Ntcheu atadwala anauza abusa kuti zasinthako, abusawo asanafike pamsewu ife tinayamba kulira maliro. A Redson nawo Loweruka lililonse yankho linali lomwelo: zasinthako, zasinthako kwambiri, tsopano ndiye zasinthiratu.

Mayeso aakulu a Anamafunso anali akuti bambo akiye chitseko kamodzi n'kuchoka osacheuka. Ankakhoza nthawi zonse. Nanga mlendo n'kumuimika padzuwa iwe ukulimbana ndi loko? Ankakiya, kunyamula chikwama cha adokotala, tonse n'kuwaperekeza mpaka pa sitolo ya a Swaleh pomwe ankaimika galimoto chifukwa cha maenje. A Redson ankaimika dzanja kutsazika mpaka fumbi litatha. Kenako liwiro lobwerera kunyumba, agalu a pa Tlaseng akulidziwa. Ine ndinkaona zonsezi, koma mkazi satsutsa mwamuna wake pamaso pa mlendo.

Pepala lija litatuluka Anamafunso anatitumizira. Chaka chatha anadzationa ali wosangalala, akuti nkhani yafika patali. Anafotokoza kuti anthu ophunzira akamalemba zawo amatchula mnzawo amene anayamba kulemba, ndipo ukulu wa munthu amauyeza ndi kuchuluka kwa omutchula. Ine ndinamva ngati pologalamu ya moni pa wailesi: amene dzina lake limveka kawirikawiri ndiye wodziwika. Akuti pa zonse zimene analembapo, palibe yatchulidwa ngati ya Bambo R. Ku Canada aitchula, ku Holland aitchula, ku Australia aitchula. Pano mayiyo ndi pulofesa.

Chichokereni tsiku limenelo amuna anga sakugwirika. Mnzawo wa ku Tete, Geraldo, amene amakwera naye basi ya kuntchito, anawaseka kuti, "Iwe Bambo R., azungu a ku Canada aja akudziwa kuti basi yakusiya?" Iwo anayankha kuti, "Nanga iwe dzina lako linalembedwapo pati kupatula pa chipewa chakocho?"

Koma Geraldo sananame. Basi imanyamuka m'mamawa ndipo chikepe cholowera pansi sichidikira munthu. Chikakusiya, shifiti yapita. Kapitawo wawo, mkulu wakale wolankhula Chifanakalo, chinenero cha m'migodi, anawaitana n'kuwauza kuti, "Wena Nyasa, futhi wena leyiti, wena hamba khaya." Mawu amenewo safuna womasulira: akachedwanso ntchito yatha. Ntchito ikatha chipinda chapita, ndipo mwana wathu Elsie amene tinamusiya kumudzi ndi agogo ake sukulu yake yaima.

Ndinawachonderera kuti tibwerere ku kiliniki. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. "Ndikadwale chiyani poti ndinachira? Ufuna anthu a mayiko atatu aoneke abodza?" Kenako anawonjezera motsitsa mawu kuti, "Mayi uja anandilemekeza. Ufuna amulande upulofesa chifukwa cha ine?" Mayi Felesita a ku mvano akuti ndisavutike ndi zipatala, anzawo anawalodza chifukwa cha kapu ija.

Tsopano mapeto a mwezi uno Anamafunso akubwera ndi alendo awiri ochokera kunja kudzaona Bambo R. ndi maso, kuti alembe pepala lachiwiri la mmene akukhalira chichirireni. Bambo abwereka kale suti kwa mnzawo a Meshack. Ndilankhule kodi? Ndikalankhula ndichititsa manyazi amuna anga pamaso pa alendo, n'kugwetsanso mayi amene sanatilakwire. Ndikakhala chete, ntchito ndiyo ikupita. Ndalemba pansipa nambala ya foni ya pa sitolo ya a Swaleh, amatiitanira.

L.M., Tlaseng.

Mayi L.M.,

Felemuyo isiyeni pakhoma, siikuluma munthu. Ndipo mayi Felesita muwauze mwaulemu kuti sindinamvepo munthu atalodzedwa chifukwa cha kapu ya tiyi. Amuna anu si olodzedwa, si amisala, si aulesi. Akudwala nthenda yodziwika imene thandizo lake lilipo, lina la kuphunzitsidwa monga ankachitira mayi uja, lina la mapiritsi ngati achipatala aona kuti n'kofunika. Koma dokotala amachiza zimene wauzidwa. Uyu anauzidwa ulemu, n'kulemba ulemuwo m'buku.

Mwafunsa ngati mulankhule. Lankhulani. Koma osati tsiku la suti. Mwamuna amene wavala suti yobwereka, alendo a kunja atakhala pa mipando yobwereka, mukamutsutsa pamenepo adzaumirira bodza lake mpaka kumanda, ndipo inu mudzakhala mkazi amene anayalutsa banja. Nkhani imeneyi ndi ya anthu atatu, inu, iwo ndi adokotala, chitseko chotseka.

Yambani ndi bambowo, ndipo alankhuleni m'chinenero cha ntchito yawo. Afunseni kuti denga la mgodi likalira moipa, kodi amauza kapitawo kuti zasinthako poopa kumukhumudwitsa? Sangatero, chifukwa akudziwa kuti kumbuyo kwawo kukubwera anthu. Pano n'chimodzimodzi. Pepala lija anthu akuliwerenga n'kumalikhulupirira. Ku Marikana kuli Bambo R. wina, ku Tete kuli wina, amene dokotala wake adzamufunsa kuti ukupeza bwanji, iye n'kuyankha mwaulemu, n'kutumizidwa kunyumba ngati wochira. Ngati amuna anu akufuna kubwezera ulemu umene mayiyo anawapatsa, mphatso yake ndi imeneyi: amuuze pamene denga lalekana.

Za upulofesa asagone nazo tulo tochepa. Ndinafunsa munthu wina wodziwa za ku yunivesite. Akuti anthu amenewa amatchulana akagwirizana, amatchulananso akatsutsana, ndipo wina akakonza zimene analemba kale amamutchula potchula kukonzako. Mayiyo mwina nkhope idzafiira, koma sadzagona ndi njala. Ngati ndi wofufuza weniweni adzathokoza. Ngati akwiya, ndiye kuti mwadziwa kuti ankafuna Bambo R., osati a Redson, ndipo mukapemphe sisitala uja akupezereni wina.

Pitani nonse ku kiliniki sabata ino, mupemphe kuti adokotala aimbiridwe foni alendo asanabwere. Alankhule ndi eni ake, inu mungokhala pambali. Koma muwauziretu kunyumba kuti akangoyamba nyimbo ya zasinthako, vesi yachiwiri muimba ndinu. Musaiwale kufotokoza za kuperekeza kuja, chifukwa mzungu sangazilote. Iye ankayesa nthenda, pomwe amene ankakhoza mayeso anali mwambo. Awayese m'mamawa, popanda mlendo, basi ikuliza hutala. Mupemphenso kuti achipatala alankhule ndi a ku ntchito, adziwe kuti kuchedwaku ndi matenda amene akuthandizidwa. Munthu amene anamupatsa okha mphoto ya chitetezo sangakonde kumutaya ngati pali chiyembekezo.

Ndipo chiyembekezo chilipo, mwachilemba nokha osadziwa. Munthu amene amatha kukiya kamodzi n'kuyenda mpaka pa sitolo, mantha ali m'khosi, ndiye kuti kupirira amatha. Chatsala n'kutalikitsa mtundawo pang'onopang'ono, mothandizidwa ndi odziwa. Podikira zimenezo, mupempheni Geraldo kuti m'malo moseka pa basi azidzera kwanu m'mamawa, agogode ngati mlendo, amwe tiyi ataimirira, kenako aperekezedwe. Amuna anu sangaimike mlendo pakhomo, ngakhale mlendo wamwano ngati ameneyo. Imeneyi ndi ndodo yoyendera chabe, si mankhwala, koma ingawafikitse pa chikepe.

Inunso muli ndi ntchito yanu. Funso lija la "ndakiya eti" likabwera, yankhani kamodzi. Kachiwiri muziti, "Ndayankha kale, tiyeni." Mudzaoneka ngati wouma mtima, koma yankho lanu lili ngati kukanda mphere, limakoma pomwepo n'kukulitsa chilonda. Adokotala akuuzani mmene mungachitire zimenezi popanda ndewu.

Chenjezo langa ndi ili. Musawabisire makiyi, musawaseke pagulu, ndipo musawauze kuti angolimba mtima, chifukwa akanatha akanalimba kalekale. Koposa zonse musadikire mapeto a mwezi, pulofesa angadikire koma kapitawo ayi. Lachitatu m'mawa ndinaimba pa nambala munapereka ija kuti ndikufunseni tsiku lenileni la alendowo. A Swaleh anati inu mwapita kale ku Ledig. Ndinafunsa ngati bambo nawo ali ku ntchito. Anati ayi, basi yadutsa kalekale, ali pachitseko.